Kernel Ikasokoneza Malire: Momwe Amakonzera Zolakwika za Memore ya Foni ndi Kompyuta

Pabenchi langa lokonzera mafoni ku Ngabu, funso lomwe limandipeza kwambiri mu Okutobala ndi Novembala ndi lakuti, "Achimwene, foni yanga ikungozima yokha, kodi n'kutenthaku?" Kawirikawiri kumakhaladi kutentha. Dzuwa la kuno ku Chigwa cha Shire likakwiya timapyola madigiri 40, batire imafufuma, ndipo foni imadziteteza pochepetsa liwiro kapena kuzimiratu. Komabe pali mavuto ena omwe sachokera kudzuwa, kubatire kapena kufumbi. Amachokera mkati mwa pulogalamu yaikulu yoyendetsa foniyo, pamene imagawa memore. Amenewa sindingawakonze ndi chitsulo chowotcherera. Amakonzedwa ndi anthu olemba mapulogalamu omwe sitidzawaona n'komwe, ndipo ntchito yawo imatikhudza tonse amene timasunga ndalama ndi zinsinsi zathu m'foni.

Foni iliyonse ya Android ili ndi Linux pansi pake. Linux ndi kernel, kutanthauza phata la pulogalamu yoyendetsa makina, ndipo anaiyamba ndi Linus Torvalds mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki. Kernel ili ngati nyakwawa. WhatsApp, kamera, pulogalamu yotumizira ndalama, zonsezi ndi mabanja a m'mudzi mwake, ndipo nthaka yomwe amaipempha ndi RAM, memore yomwe makina amagwiritsa ntchito akayaka.

Nyakwawa ameneyu ali ndi njira yachilendo yogawira malo. Banja lililonse amaliuza kuti, "Dziko lonseli ndi lanu, werengani minda yanu kuyambira woyamba mpaka kumene mungafune." Banjalo limakhulupirira, n'kumati munda wathu wachisanu, munda wathu wa nambala 900. Koma nyakwawa ali ndi kaundula wake wobisika. Mmenemo analemba kuti munda woyamba wa banja ili uli kumphala, wachiwiri uli kudimba m'mphepete mwa Shire, wachitatu sunapatsidwe n'komwe chifukwa eni ake sanapiteko ndi khasu. Banja lina nalonso lili ndi munda wake woyamba, koma kaundula amaulozera kwina. Mabanja awiriwa sangalimirane malire, chifukwa palibe njira yopitira kumunda popanda kudzera m'kaundula. Zimenezi ndizo amazitcha virtual memory. Si zatsopano ayi: kompyuta ya Atlas ya ku yunivesite ya Manchester inali nazo kale mu 1962.

Minda imeneyi ndi timagawo tofanana totchedwa page, ndipo pamakina ambiri page imodzi ndi mabayiti 4096. Foni ya RAM ya 2 GB ili ndi ma page 524,288, ndipo kernel iyenera kudziwa mwini wa iliyonse, ngati ndi yowerenga kokha kapena yolembamonso, komanso ngati zomwe zilimo zasinthidwa. Kaundula uja amatchedwa page table. Kachipangizo ka mu purosesa (ubongo wa makinawo) kotchedwa MMU ndi komwe kamamuwerenga nthawi iliyonse pulogalamu ikafuna kukhudza memore. Popeza kutsegula kaundula pa chilichonse kungachedwetse ntchito, purosesa imasunga pamtima mayankho omwe yangowapeza kumene, m'kamalo kotchedwa TLB.

Pulogalamu ikapita kumunda womwe m'kaundula mulibe, purosesa imaimitsa ntchito n'kuitana kernel. Amati page fault. Dzinali limasokoneza anthu, chifukwa amaganiza kuti china chawonongeka. Ayi ndithu, ndi mmene zinthu zimayendera tsiku ndi tsiku. Kernel imayang'ana ngati pempholo ndi loyenera, imapeza page yopanda mwini, imailemba m'kaundula, ndipo pulogalamu imapitiriza osadziwa kuti inaimitsidwa. RAM ikadzaza, Android imafinya ma page omwe sakugwira ntchito n'kuwasunga m'malo otchedwa zram, ndipo zikafika povuta imatseka mapulogalamu ena dala. Choncho mukatsegula kamera pafoni ya RAM yochepa n'kupeza kuti nyimbo zasiya, musati kernel yalakwitsa. Yachita zomwe inapangidwira. Ndimanena izi kawirikawiri kwa makasitomala, chifukwa ena amawononga ndalama kufufutitsa foni yonse pa chinthu chomwe si matenda.

Pali nzeru imodzi ya kernel yomwe tiyenera kuimvetsa bwino, chifukwa ndi pomwe panabadwira cholakwika chotchuka kwambiri. Taganizirani ana awiri a Fomu 4 omwe akuwerenga buku limodzi la mphunzitsi. Malinga onse akungowerenga, palibe chifukwa chopangira fotokope. Koma mmodzi akatenga cholembera kuti alembemo, mphunzitsi amamugwira dzanja, n'kumupangira fotokope ya tsamba lokhalo, nati, "Lemba pa lakoli." Buku lenileni limakhalabe loyera. Njirayi imatchedwa copy-on-write, mwachidule COW. Android imaidalira kwambiri. Mapulogalamu a m'foni amabadwa kuchokera ku pulogalamu imodzi yotchedwa Zygote, ndipo amagawana nayo ma page ambiri mpaka pamene wina afuna kusintha china. Popanda zimenezi RAM ya mafoni athu otchipawa ikanamadzaza msanga.

Mu Okutobala 2016 dziko linamva za Dirty COW, yomwe nambala yake m'ndandanda wa zolakwika za chitetezo ndi CVE-2016-5195. Anaitulukira ndi Phil Oester, ataona kuti anthu oipa aigwiritsa ntchito pa seva (kompyuta yotumikira makompyuta ena pa intaneti) yomwe ankaiyang'anira. Khomo lake linali lotseguka mu kernel kwa zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi, kuyambira mu 2007, ngakhale muzu wake unali wakale kuposa pamenepo.

Mmene inkagwirira ntchito ndi motere. Pulogalamu wamba imatsegula fayilo yomwe ili ndi chilolezo choiwerenga kokha, tinene fayilo ya malamulo a makina. Kenako imapempha kernel kuti ilembe m'memore momwe fayiloyo ikuonekera. Kernel imati, chabwino, koma ndikupangira fotokope yako. Imapanga fotokope ija. Ikatero imachotsa chizindikiro chakuti "uyu akufuna kulemba", poganiza kuti nkhani ya chilolezo yatha, n'kubwereranso kukatenga page kuti ilembemo. Apa pali kampata kakang'ono kwambiri. Pulogalamu yomweyo ili ndi dzanja lachiwiri, thread ina, yomwe ikungobwereza kuuza kernel kudzera mu lamulo la madvise kuti, "Fotokope yangayo sindikuifuna, itayeni." Fotokope ikatayidwa mkati mwa kampata kaja, kernel imabwerera, imapeza kuti page palibe, ndipo popeza chizindikiro chakulemba chinachotsedwa, imaona ngati ili ndi pempho longowerenga. Imabweretsa tsamba la buku lenileni. Cholembera chimatsika pa buku la mphunzitsi. Munthu wopanda mphamvu iliyonse wasintha fayilo ya makina, ndipo kuchokera pamenepo akhoza kudzipatsa ufumu wonse wa foni kapena kompyutayo.

Cholakwika cha mtundu umenewu amachitcha race condition, mpikisano wa nthawi. Amene anawolokapo pabwato kuchoka ku Bangula kupita ku Makhanga akuchidziwa. Mumafunsa mwini bwato ngati malo alipo, akuti alipo amodzi. Mukutembenuka kuti munyamule thumba lanu, wina walumphiramo. Yankho linali loona pamene linkaperekedwa, koma pofika nthawi yokwera linali litasanduka bodza. Mzere uliwonse wa kodi (malangizo olembedwa a pulogalamu) ya kernel momwe munali Dirty COW, mukauwerenga paokha, ulibe vuto. Vuto lili pakati pa mizere, pa zomwe dzanja lina lachita inu mukuphethira. N'chifukwa chake anthu anzeru ambiri anaiwerenga kodi ija kwa zaka zambiri osaona kanthu.

Chomwe chimandikhudza kwambiri pa nkhaniyi ndi zomwe Torvalds analemba yekha pokonza. Anavomera kuti cholakwikacho n'chakale, ndipo kuti iye mwini anayesapo kuchikonza zaka khumi ndi chimodzi m'mbuyomo, mu 2005, koma chigamba chakecho, kutanthauza kodi yokonzera vutolo, chinachotsedwa chifukwa chinkasokoneza makompyuta akuluakulu a IBM a mtundu wa s390. Umu ndi mmene kodi ya memore ilili. Kernel imodzi yomweyo imayendetsa foni ya ku Nsanje, seva ya ku banki ndi makina aakulu ngati nyumba, ndipo purosesa iliyonse ili ndi kalembedwe kake ka kaundula. Ukatseka madzi apa amakatulukira kumunda kwa mnzako, monga zimachitikira ndi timadambo tomwe timaunda m'madimba. Mu 2016 anakonza posiya kuchotsa chizindikiro chakulemba chija. M'malo mwake anawonjezera chizindikiro china, FOLL_COW, chokumbutsa kernel kuti fotokope inapangidwa, ndipo isanalembe iyenera kutsimikiza kuti page yomwe yagwira ndi fotokope yomweyo. Ikapeza kuti si iyo, imayambiranso pachiyambi.

Nkhani sinathere pomwepo. Kumapeto kwa 2017 akatswiri ena anapeza kuti ma page akuluakulu a 2 MB, omwe kernel imawayendetsa m'njira yawoyawo, anatsala ndi chilema chochokera m'chigamba chomwecho. Anachitcha Huge Dirty COW. Wokonza memore akatseka khomo limodzi ayenera kuzungulira nyumba yonse kufunafuna makomo ena ofanana nalo.

Pali mitundu ina iwiri ya zolakwika yoti muidziwe. Woyamba ndi kugwiritsa ntchito malo omwe abwezedwa kale. Nyakwawa walanda dimba n'kulipereka kwa banja lina, koma mwana wa eni ake akale sanamve, akupitabe kukathyola chimanga. Mu kernel izi zimachitika gawo lina likamasula memore pamene gawo lina likadali ndi adiresi yake. Cholakwika cha StackRot, chomwe Ruihan Li anachitulukira mu 2023 m'ma kernel oyambira 6.1 mpaka 6.4, chinali chotere, ndipo chinabwera ndi njira yatsopano yosungira malire a memore yotchedwa maple tree. Mtundu wachiwiri ndi wa TLB. Purosesa za masiku ano zili ndi ma core angapo, timitu togwira ntchito nthawi imodzi, ndipo iliyonse imasunga mayankho ake pamtima. Kernel ikasintha kaundula iyenera kuuza ma core onse kuti aiwale zakale isanapereke page ija kwa wina. Ikachedwa kapena kuiwala imodzi, core imeneyo imapitirizabe kulemba m'munda wa eni. Zizindikiro zake zimadzaonekera patali, mwina pakatha maola, mu pulogalamu yosalakwa n'komwe.

Apa ndi pomwe pali kuvuta kwenikweni kwa ntchitoyi. Pamene makina akugwera si pamene analakwira. Zili ngati madzi osefukira a kuno kwathu: mvula yagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo, ife kuno kumwamba kuli mbee, koma Ruo akubwera ndi madzi usiku. Ukayang'ana pomwe nyumba yagwa sungaone mvula. Wokonza kernel amalandira uthenga wa oops kapena panic wosonyeza mzere womwe makina anafera, koma amene anaipitsa memoreyo anadutsa kalekale.

Ndiye amayambira pati? Ntchito yaikulu, yomwe imadya nthawi kuposa zonse, ndi kukakamiza cholakwikacho kuti chizionekera pamene ukufuna. Chitsanzo chomwe ndimachikonda ndi cha Max Kellermann, wolemba mapulogalamu wa ku Germany. Mu 2021 kasitomala wina anadandaula kuti mafayilo ena pa seva akuwonongeka. Zinkachitika mwa apo ndi apo. Munthu wina akanangoti disiki yakalamba, n'kupita kukagona. Iye anasonkhanitsa mafayilo owonongekawo kwa miyezi, n'kuona kuti ambiri ndi a tsiku lomaliza la mwezi, ndiponso kuti mabayiti olowerera aja amafanana ndi mutu wa fayilo ya ZIP. Pulogalamu yomwe inkalemba mabayiti amenewo inalibe chilolezo cholemba m'mafayilowo. Atatha kukana zifukwa zina zonse, anatsala ndi chimodzi chomwe sankafuna kuchikhulupirira, chakuti wolakwa ndi kernel. Analemba timapulogalamu tiwiri tating'ono totsanzira zomwe seva inkachita, ndipo fayilo inawonongeka iye akuona. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Cholakwika chikayamba kubwera poitanidwa, zotsalazo zimathamanga. Kellermann anaona kuti kernel 4.19 ilibe vutoli pamene 5.10 ili nalo. Pakati pa ziwirizi panali zosintha zoposa 185,000. Palibe angaziwerenge zonse. Anagwiritsa ntchito git bisect, yomwe imakutengera pakati penipeni pa mndandanda, iwe n'kuyesa. Vuto likakhalapo, wolakwa ali m'theka loyamba; likapanda kukhalapo, ali m'lachiwiri. Umadulanso pakati, n'kudulanso. Anayesa maulendo 17 okha n'kupeza kusintha komwe kunalowa mu kernel 5.8. Amene amafufuza pomwe waya waduka pa sola ya panyumba amachita chimodzimodzi, kuyeza pakati m'malo moyamba kumapeto.

Koma taonani chinthu china. Kusintha kwa mu 5.8 kuja sikunali muzu. Muzu unali m'kodi ya 2016, yomwe inkatenga kabokosi ka pipe (njira yomwe mapulogalamu amapatsirana deta) osafufuta zizindikiro zomwe zinatsalamo. Kwa zaka zingapo zimenezo sizinkavulaza aliyense, kufikira pamene 5.8 inabweretsa chizindikiro chatsopano chakuti "muno mukhoza kuwonjezeramo". Chizindikiro chotsalira chija chinayamba kulola munthu kulemba m'ma page omwe kernel imasungiramo zamkati mwa mafayilo. Cholakwikachi chinatchedwa Dirty Pipe, CVE-2022-0847, ndipo chinalengezedwa mu Malichi 2022. Chigamba chake chinali mizere iwiri yofufuta zizindikirozo. Miyezi yambiri yofufuza, mizere iwiri yokonza. Wokonza wosasamala akanangochotsa kusintha komwe bisect inaloza, muzu n'kutsala m'nthaka.

Masiku ano sadikiranso kuti kasitomala adandaule. Pali zida zomwe amaziyatsa pomanga kernel yoyesera. KASAN imaika chizindikiro pa memore yomasulidwa ndi m'mphepete mwa memore yogawidwa, ndipo wina akangopondapo imakuwa nthawi yomweyo, n'kunena amene anaitenga ndi amene anaimasula. Imeneyi ndiyo imabweretsa mvula ndi madzi osefukira pamalo amodzi. Lockdep imayang'anira ndondomeko yomwe maloko a mu kernel, oletsa mbali ziwiri kukhudza chinthu chimodzi nthawi imodzi, akutsekedwera, n'kuchenjeza ngati mbali ziwiri zingadzadikirane mpaka kalekale. KCSAN imasaka mipikisano ya nthawi ija. Ndipo pali syzkaller, yomwe inayambitsidwa ndi Dmitry Vyukov ku Google. Imeneyi imaponyera kernel mapempho osokonekera usana ndi usiku pamakina ambiri, ndipo kernel ikagwa imayesa kupeza kapulogalamu kakafupi kobwerezera kugwako. Zidazi zimadya memore ndi liwiro, n'chifukwa chake zambiri siziyatsidwa m'foni yomwe mwaigula.

Chigamba chikalembedwa sichilowa tsiku lomwelo. Wolemba ayenera kufotokoza m'mawu mmene cholakwikacho chimachitikira: core iyi ikuchita chakuti pamene inayo ikuchita chakuti. Amatchulanso kusintha komwe kunabweretsa vutolo, kuti zidziwike ma kernel akale omwe akufunika mankhwala. Anzake amachiwerenga n'kufunsa mafunso owawa. Loko mwawonjezerayu sachedwetsa makina a ma core ambiri? Nanga ma page akuluakulu? Nanga purosesa za ARM zomwe zili m'mafoni? Mbali ya memore inayang'aniridwa ndi Andrew Morton kwa zaka zambiri, ndipo zigamba zimayamba zakhala mu kernel yoyesera ya woyang'anira mbaliyo n'kuyesedwa zisanapite kwa Torvalds. Kenako Greg Kroah-Hartman ndi anzake amazibwezera m'ma kernel akale omwe akusamalidwabe. Ena amati njirayi ndi yaitali. Ine ndimaona kuti ndi yoyenera, poganizira zomwe zinachitika ndi chigamba cha 2005 chija. Mutu umodzi susenza denga.

Nthawi zina kernel imakonza chilema chomwe si chake. Mu Januwale 2018 kunamveka za Meltdown, chilema cha m'purosesa zambiri za Intel chomwe chinkalola pulogalamu wamba kusuzumira memore ya kernel. Purosesa zomwe zili kale m'manja mwa anthu sungazisungunule n'kuziumbanso. Choncho a Linux anagawa kaundula pawiri, wa kernel payekha ndi wa mapulogalamu payekha, njira yotchedwa KPTI yomwe inachokera ku kafukufuku wa pa yunivesite ya ku Graz ku Austria. Makina ena anachepa liwiro, koma khomo linatsekeka.

Tsopano tibwerere pabenchi langa, chifukwa apa ndi pomwe mtima wanga umawawa. Chigamba chikalowa mu Linux chimakhala chisanafike m'thumba mwanu. Chiyenera kudutsa kwa Google, kwa opanga purosesa ya foniyo, kwa kampani yomwe inalemba dzina lake pachikuto, ndipo pomaliza inuyo mukhale ndi bandulo ndi netiweki yokokera update. Pa sitepe iliyonse chikhoza kuima. Mafoni ambiri omwe amafika m'misika ya ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Nsanje ndi otchipa kapena ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ena eni kampani anasiya kalekale kuwatumizira zigamba. Dirty COW inakonzedwa mu 2016, koma mu 2017 a kampani ya chitetezo cha makompyuta ya Trend Micro anapeza pulogalamu yoipa ya Android yotchedwa ZNIU ikulowera pakhomo lomwelo, chifukwa mafoni ambirimbiri anali asanalandire mankhwala. Anthu oipa amawerenga zigamba zomwe zatuluka kuti adziwe makomo omwe akadali otsegula pamafoni akale.

Ndiye foni ikabwera ikudzizima yokha, ndimayamba ndi zooneka: batire, kutentha, chinyezi chomwe chinalowa nthawi ya madzi. Ikakhala laputopu ndimaisiya usiku wonse ikuyesedwa ndi Memtest86+, pulogalamu yoyeza RAM, chifukwa RAM yowonongeka imaonetsa zizindikiro zofanana kwambiri ndi cholakwika cha kernel, ndipo palibe chigamba chingachiritse chitsulo chodwala. Zonsezi zikakhala bwino ndimalowa mu Settings, pa About phone, n'kuyang'ana deti la security update lomaliza. Update ikakhalapo ndimaikoka pa intaneti yanga mwini foni akudikira pamthunzi.

Sabata yatha kunabwera mayi wina wogulitsa nsomba zouma, foni yake ili ndi deti la 2018. Update panalibe, ndipo sidzabweranso. Ndinawauza kuti, "Amayi, foniyi ikugwira ntchito, koma khomo lake lina silitsekeka. Musalole ana aziikamo mapulogalamu otumizirana pa Bluetooth kapena ochokera m'magulu a WhatsApp, chifukwa zolakwika zamtunduwu zimafuna kuti pulogalamu yoipa ilowe kaye m'foni. Ndalama za geni musazisunge zambiri mmenemu." Anandifunsa mtengo wa foni yomwe ikulandirabe zigamba. Nditawauza anakhala chete pang'ono, n'kuimanga foni ija pansonga ya chitenje, nati adzaiganizira nsomba zikayenda bwino mwezi wa mawa.